KOKONATI WA PA CHILENJE ASALIRITSE MLIMI WA KUMUDZI

Aliyense woyenda m'miseu ya Lusaka masiku ano aona malonda amene makolo sanawadziwe. M'mphepete mwa miseu ikuluikulu, ndiponso m'njira zolowera ku Chilenje, Libala ndi Kabwata, anyamata ndi amai amandanda tumitengo ndi maluwa m'timatumba takuda ta pulasitiki, ndipo pakati pa zonsezo mitengo ya mtundu wa kanjedza ndiyo imakopa maso a ogula. Munthu akamanga mpanda wa njerwa naika geti la citsulo, cotsatira afuna kanjedza pakhomo, kuti odutsa adziwe kuti mwini nyumbayo zinthu zamuyendera. Kukongoletsa khomo si mlandu, ndipo ambiri mwa ogulitsawa amafesa okha njere zao m'dziko mommuno, nadyetsa ana ao ndi thukuta lao. Koma alipo ena amene kanjedza wamba sawakwanira. Iwo amakhumba mtengo wa kokonati weniweni, umene akulu ena amauchula kuti ngole, wonga umene anauona ku Dar es Salaam kapena ku Beira. Nkhani ya anthu amenewa iyenera kumveka m'nthambi zonse za Cipani, makamaka za kumidzi, pakuti cikhumbo ca munthu mmodzi wa m'tauni cikhoza kukagwetsa nkhokwe ku Petauke kapena ku Lundazi.

Njira zobweretsera mbande yotere sizisowa. Njanji ya TAZARA, imene inamalizidwa mu 1975, imalumikiza Kapiri Mposhi ndi Dar es Salaam pa mtunda wa makilomita 1,860. Mabasi ndi malole amadutsa pa Nakonde usana ndi usiku. Ena amalowera pa Chanida kucokera ku Tete ndi ku Beira, enanso pa Mwami ndi pa Chirundu. Kokonati womera kale, wa masamba awiri kapena atatu, amakwana bwino m'cikwama ca zobvala kapena kuseri kwa mpando wa dalaivala. Wonyamulayo sadziyesa wophwanya lamulo. Kwa iye ndi kamtengo cabe, mphatso ya apongozi kapena cokongoletsa ca pakhomo, ndipo akafunsidwa pa cipata amadabwa kuti Boma lasowa nchito yanji kuti lilimbane ndi cinthu cacing'ono cotero.

Lamulo la nkhaniyi si la dzulo. Kuyambira dziko lino lisanalandire ufulu wodzilamulira mu 1964, pakhala lamulo loletsa kulowetsa mbeu, mbande ndi mitengo yodula popanda cilolezo ca Boma. Nchito yoliyang'anira iri m'manja mwa nthambi ya Unduna wa Zaulimi yochedwa Plant Quarantine and Phytosanitary Service, imene inakulira pa malo ofufuzira zaulimi a Mount Makulu ku Chilanga, ndipo oyang'anira ake amapezeka pa zipata zikuluzikulu za m'malire ndi pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Dongosolo lake ndi lomveka. Wofuna kuitanitsa mbeu ayenera kupempha cilolezo katunduyo asananyamuke kumene acokera. Akatswiri amayamba aona kuti ndi mtengo wanji, ucokera dziko liti, ndipo kumeneko kuli matenda otani. Akhoza kukana, kapena kulola ndi mfundo zimene amazilemba pa cilolezopo. Kenaka boma la dziko limene mbeuyo icokera liyenera kuipima ndi kulemba cikalata cotsimikiza kuti mfundozo zakwaniritsidwa. Pa cipata woyang'anira amaona mapepala onse awiri pamodzi ndi katundu yemwe. Dothi lomatirira ku mizu ndilo cinthu coyamba kukanidwa. Mbeu yokayikitsa imabindikiritsidwa pa malo apadera kufikira akatswiri atakhutira nayo, monga momwe anthu ocokera kunja anabindikiritsidwira m'caka ca 2020 pa nthawi ya mliri wa korona. Yopezeka ndi matenda, kapena yopanda mapepala, imabwezedwa kapena kuonongedwa, ndipo mwini wake ndiye amataya ndalama zake.

Zimenezi si maganizo a Zambia yekha. Maiko a dziko lapansi anagwirizana za dongosolo limeneli m'pangano la mu 1951 losungidwa ndi bungwe la FAO ku Rome, ndipo maiko a Afirika anapanganso pangano lao ku Kinshasa mu 1967, m'masiku a bungwe la OAU.

Koma nanga n'cifukwa ninji kokonati ayenera kuopedwa koposa? Yankho liri pafupi, kutsidya kwa malire a kum'mawa. M'cigawo ca Zambézia ku Mozambique, kuzungulira mzinda wa Quelimane, munali minda ya kokonati imene inali kuwerengedwa pakati pa ikuluikulu pa dziko lonse lapansi. Makampani onga Boror ndi Madal anali ndi mitengo yosawerengeka, ndipo mabanja a alimi wamba anali kudalira mitengo yao ya pakhomo pa mafuta ophikira, pa denga la nyumba, ndi pa ndalama za sukulu zocokera m'kugulitsa mnofu wouma wa kokonati. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 matenda acikasu anayamba kulusa m'minda imeneyi. Kayendedwe kake ndi komvetsa cisoni. Poyamba zipatso zimayoyoka zisanakhwime, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Kenaka maluwa atsopano amada bii asanatseguke. Masamba a pansi amasanduka acikasu, cikasuco cimakwera pang'onopang'ono kufikira pa nsonga, ndipo pakapita miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi mutu wonse wa mtengo umagwa. Cotsala ndi thunthu loima njo ngati mlongoti wa lamya. Munda wa makolo, umene unadyetsa mibadwo itatu, umasanduka nkhalango ya milongoti.

Tsoka silinathere pomwepo. M'mathunthu akufawo munaswana zikumbu za nyanga pamphuno, ndipo zikumbuzo zinayamba kuboola mitima ya mbande zatsopano zimene alimi anabzala pofuna kuyambiranso. Pakati pa 2008 ndi 2013 boma la Mozambique, mothandizidwa ndi ndalama za bungwe la Millennium Challenge Corporation la ku America, linadula ndi kutentha mitengo yodwala pafupifupi 600,000 m'zigawo za Zambézia ndi Nampula, ndi kugawira alimi mbande zina pamodzi ndi mbeu zoti adyeko poyembekezera. Aliyense wodziwa kuti kokonati wamtali amatenga zaka zisanu ndi cimodzi kapena kuposapo asanabale adzazindikira kuti banja limene mitengo yake yadulidwa lero lidzadikira ana ake atakula lisanaonenso cipatso.

Matenda a mtundu umenewu ndi akale. Ku Tanzania anaoneka pafupi ndi Bagamoyo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, m'masiku a Ajeremani. Ku Ghana anayamba mu 1932 pa Cape St Paul m'dera la Keta. Ku Jamaica, kuyambira mu 1961, anapha mitengo mamiliyoni m'zaka makumi awiri. Coyambitsa cake ndi kacirombo kocepetsetsa kokhala m'mitsempha yoyendamo cakudya ca mtengo, kosaoneka ndi maso, ndipo ku Florida akatswiri anapeza kuti kouluka kakang'ono koyamwa masamba ndiko kamakasamutsa kucokera pa mtengo wina kupita pa unzake. Mankhwala ociritsa mtengo wodwala kuti ucire kotheratu palibe. Mbande ikhoza kukhala nako kacirombo kameneka masamba ake ali obiriwira bwino. N'cifukwa cake malangizo amene bungwe la FAO linatulutsa pamodzi ndi akatswiri ena mu 1993 amati kokonati wofuna kubzalidwa m'dziko lina asamuke ngati kamluza kakang'ono kocotsedwa m'kati mwa cipatso, kolerera m'botolo lotseka m'nyumba ya akatswiri. Ngati anthu ophunzira, okhala ndi makina ndi magalasi okuza zinthu, aopa kunyamula mbande yathunthu kuoloka nayo malire, wamalonda wa pa basi atenga kuti kulimba mtima kwake?

Palinso mdani wina amene mbiri yake ifanana kwambiri ndi zimene zicitika m'makomo a Lusaka. Ameneyu ndi nankafumbwe wofiira wa mitengo ya kanjedza, wocokera kum'mwera kwa Asia. Wamkazi amaikira mazira mazana awiri kapena atatu m'mabala a thunthu, ndipo mphutsi zake zimadya mtengo kucokera m'kati, kunja kuli kosalala. Akale anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamene mwini mtengo aona masamba akugwa, m'katimo mwatha kale. Cirombo cimeneci cinafika m'maiko a Aluya m'zaka za m'ma 1980, cinaoneka ku Egypt mu 1992, ndipo patangopita zaka zocepa cinali ku Spain. Sicinaoloke nyanja ndi mapiko ake. Cinakwera sitima m'kati mwa mitengo ikuluikulu ya kanjedza imene anthu olemera ndi eni mahotela anali kuitanitsa kuti akongoletse miseu ndi makomo ao. Kucokera pamenepo cinafalikira ku Italy, ku France ndi ku Greece, ndipo mizinda yochuka inadula mitengo imene inaima zaka zana. Maiko amenewo ali ndi cuma, ali ndi akatswiri, koma analephera kucibweza citalowa.

Pano wina adzati: "Zonsezi zamveka, koma Zambia alibe minda ya kokonati. Matendawo akalowa adzapha ciani?" Funso limeneli ndi loyenera kuyankhidwa mofatsa, pakuti ndilo limapatsa anthu ambiri mtima wozemba.

Coyamba, ndi zoona kuti kokonati si mbeu ya kuno, ndipo cimeneci cionjezera kulemera kwa mlandu wa wozembetsayo. Kokonati ndi mtengo wa kumadera otsika ndi otentha a m'mbali mwa nyanja. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira kotero kuti mtengo umenewu umapinimbira. Munthu wa pa Chilenje amene aika dziko lonse pangozi cifukwa ca mbande imodzi adzathirira zaka ndi zaka madzi ogula, ndipo mwina sadzalawa ndi cipatso cimodzi comwe. Ngozi ndi ya mtundu wonse, phindu n'losaoneka ngakhale kwa mwini wake.

Caciwiri, kokonati ali ndi abale m'dziko lino. M'cigwa ca Luapula anthu akhala akufinya mafuta a kanjedza kuyambira kale, ndipo m'boma la Kanchibiya muli munda waukulu wa Zampalm umene unayambidwa mu 2009 pofuna kucepetsa ndalama zakunja zimene dziko limataya pogula mafuta ophikira. M'cigwa ca Luangwa ndi m'madambo ambiri muli migwalangwa, mivumo ndi kanjedza wa m'chire, kumene amai amatenga mlaza wolukira mikeka ndi madengu. Nankafumbwe wofiira uja amadya kokonati, kanjedza wa mafuta ndi kanjedza wa zipatso mosasankha, ndipo matenda acikasu a ku America apezeka m'mitundu ya kanjedza yoposa 30. Kacirombo sikafunsa dzina la mtengo kasanaulume.

Cacitatu, ndipo ici ndico cacikulu kwa mlimi wa cimanga ndi nthoci, mbande siyenda yokha. Imabwera ndi dothi la kwao, ndipo m'dothi lodzaza dzanja limodzi mukhoza kukhala tinyongolotsi todya mizu, mazira a tizirombo, njere za udzu woipa ndi nkhungu zoononga mbeu. Mu 2013, pa munda waukulu wa nthoci m'boma la Monapo ku Nampula, panapezeka mtundu woopsa wa matenda ofoola nthoci ochedwa Panama, umene unali usanaonekepo mu Afirika. Nkhungu yake imakhala m'nthaka zaka makumi angapo, ndipo imayenda pa nsapato, pa matayala ndi pa mizu ya mbande. Nampula ndi cimodzi mwa zigawo zomwe zija za kokonati. Woyang'anira pa cipata akakana dothi la m'kathumba ka pulasitiki, ateteza nthoci za ku Chongwe ndi ku Mununshi, ngakhale mwini kathumbako ayesa kuti akumuzunza cabe.

Mlimi wacikulire wa m'dziko lino safunikira kupita ku Spain kuti amve phunziro limeneli, popeza analiona ndi maso ake. Mu 1973, kuzungulira Kinshasa ndi Brazzaville, panaoneka tizirombo toyera ngati ufa pa nsonga za cinangwa. Tinacokera ku South America pa mitengo ya cinangwa imene wina anabwera nayo osaipimitsa, mwina ndi mtima wabwino wofuna mbeu yobala kwambiri. Popeza kuno kunalibe adani ake acibadwa, tizirombo timeneti tinasefukira m'maiko onse olima cinangwa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 tinafika ku Luapula, kumene cinangwa ndiye nsima. Masamba anakwinyika, mizu inakana kukula, ndipo mabanja amene sanadziwepo kupempha cakudya anayamba kudikira thandizo la Boma. Cipulumutso cinabwera pamene akatswiri anapeza kwao kwa tizirombo timeneti ku Paraguay, napezanso kamavu kakang'ono kamene kamaikira mazira m'matupi ao. Bungwe la IITA la ku Nigeria, motsogozedwa pa nchitoyi ndi Dr Hans Herren, linaweta tumavu timeneti ndi kutimwaza m'maiko ambiri, ndi Zambia yemwe. Pali mfundo imodzi m'mbiri imeneyi imene wozembetsa mbande ayenera kuilingalira. Ngakhale kamavu kopulumutsako sikanaloledwe kulowa mu Afirika mwacisawawa. Kanayamba kabindikiritsidwa ku England, kupimidwa ngati sikananyamule matenda ena, anthu ali ndi njala kuno, ndipo pambuyo pake ndi pamene kanatulutsidwa ku Nigeria mu 1981.

Nankafumbwe wamkulu wa m'nkhokwe naye ndi mlendo. Kwao ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nao. Anaoneka ku Tabora m'dziko la Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo alimi a kumeneko anamucha Scania poona mutu wake wonga kutsogolo kwa lole. M'miyezi yocepa anali kusandutsa gawo limodzi mwa magawo atatu a cimanga ca m'nkhokwe kukhala fumbi, naboolanso makaka a cinangwa ndi mitengo yomwe ya nkhokweyo. Mu 1993 anapezeka ku Nakonde, pa cipata comwe cija ca mabasi ndi malole. Lero mlimi aliyense amene amagula mankhwala othira m'cimanga, kapena matumba osalowa mpweya, amalipira msonkho kwa mlendo ameneyu caka ndi caka, ndipo ana ake adzalipiranso. Mu 2017 matenda oola mizu ya cinangwa anapezeka m'maboma a Chienge ndi Kaputa, m'malire a kumpoto, ndipo njira yao yaikulu ndi mitengo yobzala imene anthu amapatsana. Kwa anansi a ku Malawi, matenda a cisaka amene anaoneka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990 anayenda ndi ana a nthoci mpaka ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo dziko limene linali kudya nthoci zake linayamba kugula za ku Tanzania ndi ku Mozambique.

Ena amaloza ku nchemberezandonda zimene zinagwa m'minda ya cimanga kumapeto kwa 2016, pamene Boma linacita kutumiza ndege za asilikali kuti zinyamule mankhwala kupita m'zigawo. Iwo amati gulugufe wa mbozi zimenezi amauluka mtunda wautali usiku umodzi, ndipo palibe woyang'anira amene akanamuimitsa pa Nakonde. Izi n'zoona. Mdani wobwera ndi mphepo sangachingidwe ndi cidindo. Koma munthu amene mphepo yamusasulira denga sasiya citseko cosatseka usiku ponena kuti zonse n'cimodzimodzi. Ndiponso gulugufe ameneyo ndi wa ku America, ndipo asanayambe kuuluka m'mlengalenga mwa Afirika mu 2016, nyanja yaikulu ya Atlantic inali itamuchinga kwa zaka zosawerengeka.

Tsono amalipira ndani mlendo woipa akalowa? Nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Mwini geti la citsulo, mtengo wake ukafa, amagula wina. Mlimi wa lima imodzi ku Katete alibe kwina kothawira. Ndipo bvutolo likacoka kumudzi limabwereranso m'tauni, koma silifikira pa khomo limene linacokera. Limafikira kwa mai wa ku Kanyama amene amagula ufa wa pamela, kwa mlonda wa ku George, kwa wosema miyala wa ku Kalingalinga, kwa mabanja a ku Chawama, Matero ndi Mtendere amene ndalama yao yambiri imathera pa cakudya. Anthu a mu Lusaka akumbukira m'mene matimati anakwerera mtengo pa msika wa Soweto mu 2016, pamene kambozi kacilendo koboola masamba ndi zipatso, kocokeranso ku South America, kanasakaza madimba. Ndipo atsogoleri onse adziwa kuti mtengo wa ufa si nkhani ya m'khichini yokha. Zipolowe za ku Migodi mu Disembala 1986, ndi za mu Lusaka mu Juni 1990, zinabuka cifukwa ca mtengo wa thumba la ufa. Woseweretsa thanzi la mbeu aseweretsa mtendere wa dziko.

N'comvetsa manyazi kuti zotere zikhoza kuyambira pa Chilenje. Mu komboni imeneyi muli nyumba ya nambala 394, m'mene malemu Dr Kenneth Kaunda anakhala kuyambira Januwale 1960 kufikira Disembala 1962, akutsogolera nkhondo ya ufulu. Anthu amene anasonkhana m'kanyumba kameneko anamenyera kuti eni dziko akhale ndi mphamvu yonena cimene cilowa ndi cimene sicilowa m'dziko lao. Cidindo ca woyang'anira mbeu pa Mwami ndi mbali ya mphamvu imeneyo, monga momwe iriri mbendera ndi ndalama ya kwaca. Ndiponso dziko lino liri ndi mbiri yoti liisunge. Zambia ndiye anatsogolera pempho limene bungwe la United Nations linabvomereza mu 2022, lakuti tsiku la 12 Meyi caka ciriconse likhale lokumbukira thanzi la mbeu pa dziko lonse lapansi. Bungwe la FAO limati tizirombo ndi matenda zimaononga kufikira magawo 40 pa 100 alionse a zokolola za dziko lapansi caka ciriconse. Dziko limene linaimirira pamaso pa maiko onse kuwakumbutsa zimenezi silingalole nzika zake zomwe kubisa mbande pansi pa zitenje.

Apa ndi pamene pali nchito ya membala wa Cipani kumudzi. Malire a Zambia ndi aatali, ndipo oyang'anira sangaime pa kanjira kalikonse. Kum'mawa malirewo anadula mitundu pakati. Mcewa wa ku Chadiza ali ndi amalume ku Mchinji ndi ku Angónia, Mnsenga wa ku Nyimba ali ndi abale kutsidya ku Mozambique, ndipo onsewa amayenderana pa maliro, pa maukwati ndi pa Kulamba ku Mkaika. Ubale umenewu ndi cuma, ndipo palibe wofuna kuuthetsa. Koma mwambo wopatsa mlendo mwana wa nthoci, mtolo wa mitengo ya cinangwa kapena kholowa wobzala kuti akayese kwao ndiwo wafalitsa matenda ambiri koposa malole. Wapampando wa nthambi, mlembi wake, atsogoleri a amai ndi a acinyamata ali ndi maso amene Boma liribe. Iwo amadziwa amene wabwera ndi mbeu yacilendo, ndi munda umene masamba ake ayamba kukwinyika mosadziwika. Cofunika kwa iwo ndi kukamba ndi mwini wake mwaulemu, kudziwitsa mfumu, ndi kuitana mlangizi wa zaulimi wa m'deralo msanga, mbeuyo isanagawidwe kwa anansi. Kawirikawiri wobwera ndi mbandeyo ndi mwana wa pamudzi pomwepo wogwira nchito ku Lusaka, amene amatumiza ndalama ya feteleza, ndipo kumudzudzula kumacititsa manyazi. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mtsogoleri amene aopa kufunsa mphwake funso limodzi adzayankha mafunso a mudzi wonse nthoci zikayamba kufota.

Acinyamata asatenge mau amenewa ngati cilolezo cozula mbeu za anthu kapena kulanda katundu pa miseu. Mphamvu yolanda ndi kutentha iri ndi oyang'anira a Boma okha. Mlimi amene waopsezedwa amabisa munda wake wodwala, ndipo matenda obisidwa ndiwo amafika patali.

Nalo Boma liri ndi mbali yake, ndipo Cipani cokonda anthu siciopa kuichula. Lamulo limene munthu wamba sadziwa pofikira kuti alitsate limabala ozemba. Pempho la cilolezo likacedwa miyezi, wamalonda amasankha njira ya kumbali. Mlangizi wa zaulimi akakhala wopanda njinga yoyendera, uthenga wa wapampando wa nthambi umafera m'thumba. Mlimi akauzidwa kuti azule nthoci zake zodwala osapatsidwa mbande zabwino zolowa m'malo, mnansi wake sadzaulula zake. Koposa zonse, lamuloli liyenera kuluma mofanana. Mbiri ya nankafumbwe wofiira ionetsa kuti ngozi yaikulu imakwera m'makontena a anthu olemera, omanga mahotela ndi masitolo akuluakulu, amene afuna mitengo yaikulu kale kuti malo ao aoneke bwino tsiku lotsegulira. Cikwama ca mai wa pa basi cikasecedwa pamene kontena la bwana lidutsa cifukwa ca lamya yocokera kumwamba, anthu adzaona, ndipo palibe msonkhano wa nthambi umene udzawabwezere cikhulupiriro. Wanchito wa Boma wolandira ciphuphu kuti atsinzine pa katundu wotere wagulitsa nkhokwe za anthu amene sadzawaona nkhope.

Nanga munthu wa pa Chilenje amene mtima wake wakakamirabe pa kanjedza acite ciani? Ogulitsa a m'mphepete mwa miseu ali ndi mitundu yambiri yofesedwa mommuno, yozolowera cisanu ca Lusaka, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa kumene mbande inacokera asanatulutse ndalama. Wofuna kokonati wakudya amamupeza m'misika ndi m'masitolo, wosenda kale. Wofunitsitsa kuyesa kulima kokonati m'madera otentha a ku Luangwa, ku Chirundu kapena ku Mpulungu ayambe wakaonana ndi oyang'anira thanzi la mbeu, amve ngati ciripo cololedwa ndi kumene cingacokere, ndipo akakanizidwa alandire.

Kumidzi mitengo ya cinangwa, ana a nthoci ndi kholowa zimayenda kwambiri mvula ikayandikira ndi pamene yangoyamba, kuyambira Okutobala kufikira Januwale. Motero misonkhano ya nthambi ya mu Ogasiti ndi Seputembala, anthu atamaliza kukolola ndi kugulitsa, ndiyo yoyenera kuikapo nkhani imeneyi, mlangizi wa zaulimi ataitanidwa kuti abwere ndi zithunzi za masamba odwala ndi maina a malo kumene mbeu yopimidwa ipezeka m'bomalo.